Pasiwedi yokha siyokwanira: tetezani akaunti yanu ya ku yunivesite

Ena mwa ife mayina atuluka, akupita ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, KUHeS, MZUNI kapena MUST. Enafe tikadali kudikira. Koma nkhani ya lero ikukhudza tonse, chifukwa aliyense amene akufunsira malo ku NCHE kapena ngongole ya sukulu ku HESLGB ali ndi imelo, ndipo amene akalowe sukulu akapatsidwanso imelo ina ndi akaunti ya pa portal.

Tiyambe ndi funso. Pasiwedi ya imelo yanu akuidziwa anthu angati? Ambiri kuno ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ngakhale pa Balaka boma tinakadzazitsa mafomu pa shopu ya makompyuta. Amene anatitsegulira imelo ndi mwini shopu, pasiwedi anasankha ndi iyeyo, mwina anailembanso m'kope lake. Ena tinalowa pa foni ya msuweni osatulukamo. Enanso pasiwedi ndi dzina lathu ndi chaka chobadwa basi. Munthu akalowa mu imelo yanu, amatha kusintha mapasiwedi a maakaunti ena onse, chifukwa uthenga wosinthira umafikira momwemo. Akhoza kuwerenga makalata a sukulu, kuona chithunzi cha chitupa chanu cha unzika, kapena kulembera abale anu kupempha ndalama ngati ndinu.

Mankhwala ake ndi kuika loko wachiwiri. Pa Google amalemba kuti 2-Step Verification, kwina amati MFA. Mukalemba pasiwedi, akauntiyo imafunsanso manambala amene ali pa foni yanu yokha. Wakuba akhale ndi pasiwedi, popanda foniyo salowa. Mu 2019 kampani ya Microsoft inanena kuti njira imeneyi imatchinga zoposa 99.9 peresenti ya ziwembu zobera maakaunti.

Manambalawa akhoza kubwera pa SMS, koma app ndiyo yabwino koposa. Zodziwika ndi ziwiri, Google Authenticator ndi Microsoft Authenticator, zonse zaulere pa Play Store. App imeneyi imapanga manambala 6 amene amasintha pa masekondi 30 aliwonse. Chosangalatsa n'choti mukangoiika, manambalawo safuna bandulo kapena netiweki. Foni imawerengera yokha pogwiritsa ntchito nthawi ndi kiyi yachinsinsi imene inasunga tsiku loyamba. Ndiye kaya muli kumudzi kumene netiweki imagwira mukakwera pachulu, manambala azibwerabe. SMS simungaidalire choncho, komanso munthu akakuberani simukhadi, mauthenga onse amapita kwa iye.

Kaikidwe kake n'kosavuta. Choyamba sinthani pasiwedi, ikhale yaitali, yodziwa inu nokha. Kenako tsitsani app ija, ndipo onetsetsani kuti pansi pa dzina lake palembedwa Google LLC kapena Microsoft Corporation, chifukwa zachinyengo zofanana nazo ziliponso. Ngati imelo ndi ya Gmail, lowani mu Google Account, pitani pa Security, kenako 2-Step Verification, musankhe Authenticator. Ngati sukulu yakupatsani akaunti ya Microsoft, pitani pa Security info muwonjezere Authenticator app. Pabwera kachithunzi ka timadontho, QR code. Tsegulani app, dinani pa chizindikiro cha +, mujambule kachithunziko. Manambala amene atuluke muwalembe pa tsamba lija, basi mwamaliza.

Wina afunsa kuti, nanga ine ndili ndi foni yokhayi, laputopu ndilibe, ndijambula bwanji QR code yomwe ili pa foni yomweyo? Pa Google, pansi pa kachithunziko pamakhala mawu ofunsa ngati mwalephera kujambula. Mukadina pamenepo akupatsani kiyi ya zilembo, muikopere mu app. Zimagwira chimodzimodzi. Koma QR code kapena kiyi imeneyo musaitenge screenshot n'kuitumiza pa WhatsApp, chifukwa aliyense amene ali nayo azipanga manambala omwe inu mukupanga.

Ngati manambala akukanidwa pomwe mwalemba bwinobwino, musathamangire kufufuta app. Nthawi zambiri vuto limakhala wotchi ya foni. Pitani pa Settings, Date and time, muike kuti nthawi izidzikonza yokha.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Loko ameneyu angathenso kukutsekerani inuyo panja. Mafoni athu amabedwa m'minibasi, amasowa potchajitsa, amagwera m'madzi, ena timakawafulashitsa kwa okonza mafoni n'kufufutika zonse. Chakudza sichiyimba ng'oma. Taganizani foni yasowa sabata yolembetsa maphunziro, akaunti ikufuna manambala, app mulibe. Choncho tsiku lomwe mwaika app, tenganinso ma backup code. Google imapereka 10, iliyonse ya manambala 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi kokha. Muwalembe ndi bolopeni papepala, musunge pamodzi ndi satifiketi yanu ya MSCE, osati m'foni momwemo. Onjezeraninso nambala ya foni ngati njira yapadera, koma simukhadiyo ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu, kuti ikatayika mukaibwezeretse ndi chitupa chanu ku Airtel kapena TNM. Kuyambira 2023 Google Authenticator imathanso kusunga makiyi mu akaunti yanu ya Google, zomwe zimathandiza mukagula foni ina. Ndipo musanagulitse foni yakale, yambani mwasamutsa app. Ngati zonse zakanika pa akaunti ya sukulu, pitani nokha ku ofesi ya ICT ndi chiphaso chanu, iwo ndi amene angakutsegulireni.

Chomaliza. Tonse timaudziwa uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Anthu omwewo amathanso kuimba n'kunena kuti ndi a ku ofesi ya ngongole kapena a ku yunivesite, akufuna muwawerengere manambala amene abwera pa foni yanu. Dulani foniyo. Manambala amenewa ali ngati PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, sauzidwa munthu, ngakhale chibwenzi. Komanso foni ikakufunsani kuti muvomereze kulowa pomwe inu simukulowa paliponse, kanani, kenako sinthani pasiwedi nthawi yomweyo.

Amene muli ndi foni ya mabatani musadandaule, ikani ya SMS, ndi bwino kusiyana n'kukhala ndi pasiwedi yokha. Tikamaliza msonkhano, amene muli ndi bandulo musachoke msanga, tithandizane kuika. Aliyense alembe yekha pasiwedi yake, wothandiza ayang'ane kumbali. Bolopeni ndi pepala zikhale pafupi.