Mawu a Wapampando pa Chikondwerero cha Zaka 10 za Kopaletivi Yathu



Kopaletivi yathuyi inabadwa mu 2015, chaka chomwe madzi osefukira anakokolola minda kuno ku Phalombe. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba. Mu 2019 kunadutsa namondwe wa Idai, mu 2022 Ana, ndipo mu Marichi 2023 Freddy anatilanda abale athu, nyumba ndi ziweto. Tisanapukute misozi, mu 2024 dzuwa linawotcha chimanga mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Nyengo yasintha, ndipo pano palibe amene akufunika kuchita kuuzidwa.

Funso langa lero ndi ili: ndalama zoti tidzitetezere zichokera kuti?

Maiko olemera, omwe utsi wa m'mafakitale awo ndi umene wasokoneza nyengo, analonjeza ku Copenhagen mu 2009 kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse ku maiko osauka. Ndalamazo zinakwanira mu 2022, mochedwa, ndiponso zambiri mwa izo zinali ngongole. Mu 2024, ku Baku, analonjezanso madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035. Ndi ndalama zotiyenera, sitikupempha chifundo ayi. Koma njira yake ndi yaitali. Zimadutsa m'mabanki akuluakulu, m'mabungwe ndi m'maofesi, ndiye pofika kumudzi kuno zimakhala zitachepa, komanso ena atatisankhira kale chochita nazo. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

N'chifukwa chake komiti yanu ikupempha kuti pa msonkhano waukulu ukubwerawu tivomereze kukhazikitsa thumba lathulathu la zanyengo. Ganizo lake ndi lakuti pa thumba lililonse la makilogalamu 50 la nandolo kapena mpendadzuwa lomwe tagulitsa kudzera m'kopaletivi, mtengo wa kilogalamu imodzi uzitsala m'thumbali. Ndikudziwa kuti n'zowawa. Chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, feteleza sakugwirika, ndipo kilogalamu imodziyo ndi mchere ndi sopo wa pakhomo. Koma tonse tinaona momwe katapila anatidyera masuku pamutu Freddy atapita, pamene tinkasowa ngakhale mbewu yobzala m'dimba.

Ndalamazi zizigwira ntchito zitatu. Yoyamba, kusunga mbewu zocha msanga, mbatata ndi chinangwa zobwereketsa membala amene munda wake wakokoloka. Yachiwiri, kuteteza nthaka: nazale ya mitengo ya nsangu ndi gilisidiya, udzu wa vetiva pa akalozera, ndi kutseka zigwembe mvula isanagwe. Yachitatu, kusonkha gawo lathu pa ulimi wamthirira wa sola. Mapulojekiti ngati AGCOM sapereka thandizo kwa gulu lobwera chimanjamanja. Amafuna gulu lolembetsedwa, la mabuku olongosoka, loikapo kaye zake. Tikakhala ndi kathu m'manja, tidzakhala pansi ndi wothandiza aliyense n'kumuuza kuti chigwembe chotivuta ndi ichi, malo oyenera chitsime ndi awa.

Ndalama zimadanitsa, tisanamizane. Choncho thumbali likhale ndi akaunti yakeyake ku banki, osayinira atatu, mmodzi kapena awiri akhale amayi, ndipo lipoti liziwerengedwa pamaso pa tonse miyezi itatu iliyonse. Amayi a banki mkhonde anationetsa kale kuti zimenezi n'zotheka.

Kakambiraneni m'makalabu mwanu. Amene akuona kuti kilogalamu imodzi yachuluka kapena yachepa, adzanene poyera tsiku la msonkhanolo, osati kuseri. Chomwe sitingachite n'kukhala manja lende kudikira namondwe wina.

Mulungu adalitse kopaletivi yathu.