Opaleshoni ya M'mimba ya Timabowo: Nkhani Yokamba kwa Amayi pa Sikelo

Mwachita bwino kubwera ndi ana anu kusikelo. Masiku ena timakambirana za katemera, za phala ndi za madzi akumwa. Lero tikambirana nkhani imene ambiri safuna n'kuimva komwe, nkhani ya opaleshoni ya m'mimba.

Alipo amayi ena amene dokotala akangotchula mawu oti opaleshoni, mtima umawachoka. Ena amabereka mwana usiku nathawa naye m'chipatala, poganiza kuti wolowa m'chipinda cha opaleshoni satulukamo wamoyo. Mantha amenewa ngomveka, pakuti palibe kholo lingakondwe kuti mwana wake amuike mpeni. Koma mantha omwewa ndiwo amachedwetsa ana, chonsecho matenda a m'matumbo sadikira munthu. Tsono ndi bwino kuti mudziwe m'mene ntchito imeneyi ikuyendera masiku ano, ndi mbali imene inu muli nayo.

KODI OPALESHONI YA TIMABOWO NJOTANI?

Kuyambira kale, dokotala akafuna kukonza thumbo amang'amba pamimba bala lalitali, kuti manja ake alowe ndi kuti maso ake aone. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito, ndipo yapulumutsa anthu osawerengeka. Koma ilipo njira yachiwiri imene madokotala amaitcha laparoscopy. Ife pano tiziti opaleshoni ya timabowo.

Poyamba wodwala amamugonetsa tulo ndi mankhwala, kotero kuti samva kanthu. Dokotala amaboola kabowo pamchombo kapena pafupi napo, napoperamo mpweya wotchedwa carbon dioxide. Mpweyawo umakweza mnofu wa pamimba, nusiya malo pamwamba pa matumbo, monga denga lisiya malo pamwamba pa katundu wa m'nyumba. Pakabowo pomwepo amalowetsa kachitsulo konga pensulo yaitali, kokhala ndi nyali ndi kamera. Kamerayo imaonetsa za m'kati pa kanema, ndipo imazikuza kuti zioneke bwino. Kenaka amaboola timabowo tina tiwiri kapena titatu, ta mamilimita 5 kufikira 12, tolowetsera lumo, zopanira ndi zosokera zazitali. Za makanda ziliko zowonda mamilimita 3 okha. Ntchito ikatha amatulutsa mpweya uja, natseka timabowo.

KUMENE NJIRAYI IDACHOKERA

Njirayi siyadzulo. M'chaka cha 1901 dokotala wa ku Dresden, m'dziko la Germany, dzina lake Georg Kelling, adasuzumira m'mimba mwa galu ndi kachitsulo kokhala ndi nyali. Mu 1910 Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm adachita chimodzimodzi pa anthu. Kwa zaka zambiri njirayi idali yongoonera matenda. Mu 1980 Kurt Semm wa ku Kiel, dokotala wa matenda a amayi, adachotsa kathumbo kotchedwa apendikisi kudzera pa timabowo. Mu 1985 Erich Mühe, wa ku Germany komweko, adachotsa thumba la ndulu mwa njira yomweyo. Onse awiriwa madokotala anzawo adayamba awatsutsa, ponena kuti akuika miyoyo ya odwala pachiswe. Chimene chidathetsa mkanganowo ndi kafukufuku.

KODI KAFUKUFUKU WAPEZA CHIYANI?

Pofuna kudziwa zoona, madokotala amagawa odwala ovomera m'magulu awiri. Gulu lina amalichita opaleshoni yong'amba, lina ya timabowo, kenaka amawerenga amene achira msanga, amene mabala awo achita mafinya ndi amene matenda awabwerera.

Pa matenda a apendikisi, kafukufuku wa m'maiko ambiri waonetsa kuti odwala a timabowo amamva kupweteka pang'ono, amatuluka msanga m'chipatala, ndipo mabala awo sachita mafinya kawirikawiri monga bala lalitali. Waonetsanso mbali ina: mwa anthu akuluakulu, mafinya osonkhana m'kati mwa mimba adapezeka kochulukirapo pa gulu la timabowo. Motero njira iliyonse ili ndi ubwino wake ndi zovuta zake.

Pa khansa ya thumbo lalikulu panali nkhawa yoti timabowo tingasiye matenda m'kati. Mu 2004 madokotala a ku America ndi ku Canada adalengeza zimene adapeza pa odwala 872 a m'zipatala 48. Patapita zaka zitatu, kubwereranso kwa khansa kudali kofanana pa magulu onse awiri. A timabowo adagona m'chipatala masiku 5, a bala lalitali masiku 6. Koma pafupifupi wodwala mmodzi mwa asanu alionse amene adamuyamba ndi timabowo, dokotala adaona kuti nkofunika kung'amba ndithu. Mfundo iyi muisunge. Mwana wanu akalowa ndi chiyembekezo cha timabowo natuluka ndi bala lalitali, sikuti dokotala walephera ayi. Waona chovuta m'kati, nasankha njira yoteteza moyo.

CHIFUKWA CHAKE DOKOTALA AYENERA KUPHUNZIRA MWAPADERA

Bowo likachepa, ntchito ya dokotala ndiyo imakula. Manja ake sakhudza thumbo, ndipo maso ake amayang'ana pa kanema, pamene nkovuta kuzindikira chapafupi ndi chapatali. Zitsulo zakenso zimayenda ngati mjigo: mukatsitsa chogwirira, mbali inayo imakwera. Dzanja likapita kumanja, nsonga ya chitsulo m'kati imapita kumanzere.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, njirayi itafala mofulumira ku Ulaya ndi ku America, madokotala ambiri adaiyamba ataphunzira masiku owerengeka chabe. Zotsatira zake odwala ovulala mtsempha wodutsa ndulu adachuluka kuposa kale. Apa mpamene zidadziwika kuti munthu sayenera kuphunzirira pa wodwala. Mu 2002 a pa yunivesite ya Yale adayesa madokotala ophunzira 16. Ena mwa iwo adayamba ayeserera pa makina a kompyuta, ndipo atalowa m'chipinda cha opaleshoni adagwira ntchito mofulumira ndi kulakwitsa mochepa kuposa anzawo. Mu 2004 ku America kudakhazikitsidwa maphunziro ndi mayeso ake a njirayi. Wophunzira amagwiritsa ntchito bokosi lokhala ndi kamera: amasuntha tizinthu ndi zopanira, amadula kansalu motsata mzere wozungulira, amasoka ndi kumanga mfundo, kufikira manja atazolowera. Pambuyo pake ndipo amayamba kuthandiza pa wodwala, dokotala wamkulu ali pambali pake.

Kwathu kuno madokotala a opaleshoni ambiri amaphunzira kudzera m'bungwe la COSECSA, limene lidayamba mu 1999 ndipo limagwirizanitsa maiko a chigawo chino, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Mu 2017 pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre padatsegulidwa Mercy James Centre, malo a opaleshoni ya ana. Komabe dziwani kuti njira ya timabowo imafuna magetsi osazimazima, mpweya wa m'mabotolo, zida zokwera mtengo ndi anthu ozidziwa, choncho siipezeka m'chipatala chilichonse. Opaleshoni yong'amba, ikachitika pa nthawi yake ndi munthu woidziwa, imachiritsa bwino lomwe. Musataye masiku kufunafuna chipatala cha timabowo mwana akudwala.

ZIZINDIKIRO ZOFUNIKA KUTHAMANGIRA KUCHIPATALA

Apa mpamene pali ntchito yanu, amayi. Njira zofatsa zimatheka mwana akafika msanga. Thumbo likaola kapena kubooka, mimba nidzala mafinya, opaleshoni imakhala yaikulu ndi yoopsa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, mukaona izi:

1. Mwana akusanza zobiriwira ngati msuzi wa masamba.

2. Khanda likulira modzidzimutsa ndi kupinda miyendo, kenaka n'kukhala chete, n'kuyambiranso, ndipo chimbudzi chake chili ndi magazi osakanikirana ndi zonanda. Nthawi zambiri apa thumbo limakhala litalowa m'thumbo linzake. Mwana wotere akafika msanga pa chipatala chokhala ndi zida, thumbolo angathe kuliwongola ndi mpweya kapena madzi popanda opaleshoni.

3. Mimba yatupa ndi kuuma, mwana sakuchita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya.

4. Kupweteka kwayambira pamchombo n'kutsikira kumunsi chakumanja, thupi latentha, ndipo mwana akukana kudya kapena kuyenda. Imeneyi ingakhale apendikisi. Mwa ana osakwana zaka zisanu kathumboka kamaphulika kawirikawiri matenda asanadziwike, popeza mwana satha kulongosola pamene pakupweteka.

5. Chotupa cha m'mphechepeche, chimene chimatuluka mwana akalira ndi kubwerera akagona, tsopano chauma, chikupweteka ndipo sichikubwerera. Chotupa chotere kachionetseni kuchipatala chisanafike pamenepa. Mchombo wotuluka, umene supweteka, nthawi zambiri umatsekeka wokha mwana asanakwane zaka zisanu. Musaumange ndi ndalama.

6. Khanda la milungu iwiri kufikira isanu ndi itatu likusanza mkaka mothovoka nthawi iliyonse likayamwa, ndipo sikelo yake ikutsika.

7. Mwana amene watentha thupi kwa sabata kapena kupitirira wayamba mwadzidzidzi kumva mimba kupweteka kwambiri. Nthenda ya taifodi imaboola matumbo. Katemera wake adayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2023. Onani kuti ana anu alandira.

Mukaona zizindikiro zimenezi musamwetse mwana mankhwala otsegula m'mimba, musamuteme mphini pamimba, ndipo musamukakamize kudya.

ISANACHITIKE NDI ITACHITIKA OPALESHONI

Dokotala sachita opaleshoni kholo lisanavomere ndi kusaina kapena kudinda chala. Ana ena amafooka pabedi amayi akudikira mawu a bambo kapena a malume amene ali kutali. Nkhani iyi kaikambeni kunyumba mwana akadali bwino, kuti tsiku la ngozi mudzakhale ndi mphamvu yovomera. Funsani dokotala chimene akufuna kuchita ndi chifukwa chake. Akulu adati safunsa adadya phula.

Anamwino akanena kuti mwana asadye kapena asayamwe kwa maola akutiakuti, mverani. Musamupatse kanthu mobisa pomumvera chisoni, pakuti akasanza ali m'tulo ta mankhwala zakudyazo zingalowe m'mapapo.

Opaleshoni itachitika, sungani mabala aukhondo ndi ouma, osapakapo phulusa kapena zitsamba. Akamva kupweteka paphewa tsiku loyamba kapena lachiwiri musadabwe. Ndi mpweya uja, ndipo kumatha kokha. Timabowo timapola msanga kunja pamene m'kati simunapole, choncho mwana asathamange kapena kunyamula zolemera kufikira achipatala atalola. Bwererani msanga thupi likatentha, mimba ikatupa, akamasanza, kapena bala likafiira ndi kutuluka mafinya.

ZOFUNIKA KUKUMBUKIRA

1. Opaleshoni ya m'mimba ili ndi njira ziwiri, yong'amba ndi ya timabowo. Zonse zimachiritsa.

2. Wosankha njira ndi dokotala, poona matenda, zida zimene zilipo ndi luso limene adaphunzira.

3. Chimene chimapha ana ambiri odwala matumbo ndi kuchedwa kufika kuchipatala.

4. Gwirizanani pabanja za chilolezo ngozi isanagwe.

Zimene mwamva panozi kauzeni anzanu kumudzi, kumjigo ndi kuchigayo, makamaka agogo amene amatsala ndi ana. Tsopano amene ali ndi funso afunse tisanayambe kukweza ana sikelo.