Nzeru ndi Eni Mphamvu: Mau Olankhulidwa kwa Aphunzitsi ku Tembwe

Maganizo a olamulira dziko ndiwo mpanda umene anthu ofufuza nzeru amagwiramo nchito yao. Mbiri ya dziko lino icitira umboni.

M'caka ca 1938 Godfrey Wilson anakhala mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute. Pofufuza makhalidwe a anchito a ku mgodi wa Broken Hill, ndiko ku Kabwe lero, anapeza kuti anthu akuda ambiri analikukhazikika m'tauni, pamene boma la Azungu linalikuwayesa alendo oyenera kubwerera kumidzi. Popeza Wilson analikuceza momasuka ndi anchitowo, nakananso nkhondo, eni mgodi anamletsa kufufuza, ndipo pambuyo pace analeka nchitoyo.

Ufulu utabwera, mpandawo sunagwe. Mu 1976 ophunzira a pa Yunivesite ya Zambia anatsutsana ndi boma la Dr Kenneth Kaunda pa nkhani ya nkhondo ya ku Angola, nakhalira kumbuyo gulu la MPLA. Sukuluyo inatsekedwa, ndipo aphunzitsi ena, monga Lionel Cliffe, anaikidwa m'ndende, pambuyo pace napirikitsidwa m'dziko.

Ofufuza akagwidwa mantha, amalemba zokondweretsa akulu zokha, ndipo dziko limayenda mumdima. Tsono ofufuza a mawa ali m'makalasi a kuno ku Tembwe. Mwana akafunsa cifukwa cace Luangwa amasefukira, kapena m'mene kashembe amaphera ng'ombe, mphunzitsi asamkalipire. Amphunzitse kupenyetsetsa, kuyesa, ndi kunena cimene waona, ngakhale pamaso pa mfumu.