GALU AKABWERA KUMENE ANASUNGIDWA

Nkhani ya lero iri ya agalu. Anthu ambiri a ku Chawama, mu Lusaka, kwao ndi ku midzi ya ku Petauke, Katete ndi Chipata. Akagwa maliro, kapena ikafika nyengo yokolola, mwini nyumba akwera basi, nasiya galu kwa mnansi kapena m'makola olipira mosungira agalu ambiri pamodzi. Pobwera apeza galu wace wasintha. Cimenecinso cioneka kumudzi pamene banja labwera kocezera abale m'tauni. Tsono mwini galu ayenera kusiyanitsa kusintha kosaopsya ndi kusintha kodza ndi nthenda.

KUSINTHA KOSAOPSYA

Galu wocokera kwa eni amagona kwambiri, cifukwa kumeneko sanali kupeza tulo ndi kuuwa kwa anzace. Amamwa madzi ambiri, kudya mwaumbombo, ndi kutsata mbuye wace ponseponse. Mwina amatsegula m'mimba pang'ono cifukwa ca cakudya cacilendo. Izi zimatha pa masiku awiri kapena atatu. Apatsidwe madzi pang'onopang'ono ndi cakudya cimene anazolowera, ndipo ana asamsautse.

NTHENDA ZOTENGA KWA ANZACE

Yoyamba ndiyo cifuwa. Galu atsokomola ngati watsamwa fupa, ndipo cimayamba patapita masiku 3 kufikira 10. Kawirikawiri cimatha cokha pa milungu itatu, koma cimafala msanga. Cotero wodwalayo apatulidwe kwa agalu ena.

Yaciwiri ndiyo ya nkhupakupa. Galu afooka, akana kudya, nkhama zace ziyera ndipo mkodzo ufiira. Nkhupakupa zifunidwe m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala tsiku lomwe wafika.

Yacitatu ndiyo Parvo, imene inadziwika m'caka ca 1978. Imagwira makamaka ana agalu: kusanza ndi kutsegula magazi onunkha. Imapha pa masiku owerengeka, ndipo kacirombo kace kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Galu wotere apite kwa dotolo wa ziweto tsiku lomwelo. Mu Lusaka cipatala ca ziweto ciliponso pa University of Zambia, pa mseu wa Great East.

CIWEWE

Nthenda iyi ndiyo yoopsya koposa, pakuti imapha ndi anthu omwe. A bungwe la World Health Organization awerengera kuti ciwewe cimapha anthu monga 59,000 caka ndi caka, ndipo pafupifupi onsewo anacitenga kwa agalu.

Cobvuta ncakuti cimabisala. Galu wolumidwa ndi mnzace kumene anasungidwa angabwere wamoyo bwino, nayamba kusintha patapita milungu kapena miyezi. Wofatsa asanduka wolusa. Wolusa afatsa modabwitsa. Abisala mumdima, aluma mitengo ndi miyala, mau ace asasa, cibwano cilenjekeka ndipo dobvu lingotuluka. Munthu asapise dzanja m'kamwa mwace poyesa kuti muli fupa. Atsekeredwe, ndipo a Boma oyang'anira ziweto auzidwe msanga.

Munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo kukayamba jekeseni. A ku Chawama ali naco cipatala cao ca Chawama First Level Hospital. Asadikire kuti aone ngati adzadwala, pakuti zizindikiro zikaoneka mankhwala palibe. Galu wolumayo asungidwe womanga masiku 10 kuti a ziweto amuone. Mwini wace asabise cifukwa coopa mlandu: pepani sapoletsa cilonda.

ZOYENERA KUCITA ULENDO USANAYAMBE

Lamulo la dziko la Zambia, lochedwa Control of Dogs Act, lifuna kuti galu alembetsedwe ndi kulandira katemera wa ciwewe. Katemerayu amayamba galu ali ndi miyezi itatu, nabwerezedwa caka ndi caka. Mwini asunge bwino kalata yace, ndipo afunse ngati agalu a kumene asiyako wace ali nazo makalata otere. Pobwera afunse mnansi mosabisa ngati galuyo anamenyana ndi wina, ndipo amuyang'ane thupi lonse ngati pali bala. Kufunsa kumeneku kungapulumutse mwana wa m'nyumbamo.