Kusintha Oyilo mu Injini Yatsopano ya Boti

 Lero tikambirana za oyilo wa injini, makamaka za tsiku loyamba kumusintha.

Ena mwa inu munafikako ku mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968 pa msewu waukulu wa ku Lusaka. Mtsinje umenewo umatsikira ku boma la Luangwa, limene kale linkatchedwa Feira, kumene umathira mu Zambezi. Kumeneko kuli maboti a injini. Ena amawolotsa anthu kupita ku Zumbo, ku Mozambique, ena amanyamula alendo odzawedza mcheni. Injini ya boti ikafa pakati pa madzi, pamene pali mvuu ndi ng'ona, palibe wotsika kuti akankhe. N'chifukwa chake nkhani ya oyilo ili nkhani ya moyo.

M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zimakhudzana zikuyenda mofulumira kwambiri. Oyilo amalowa pakati pa zitsulozo kuti zisadyane, amachotsako kutentha, ndiponso amatenga litsiro n'kulisiya m'sefa. Injini ikakhala yatsopano, zitsulo zake zimakhala zisanazolowerane, motero zimapalana pang'onopang'ono n'kusiya tizinyenyeswa mu oyilo. Tizinyenyeswato tikakhalitsa timakanda injini ngati mchenga. Choncho opanga mainjini ambiri amalamula kuti oyilo woyamba achotsedwe injini ikagwira ntchito maola 20 okha. Pambuyo pake amasinthidwa pakatha maola 100. Buku limene limabwera ndi injini ndilo limanena mtundu wa oyilo ndi muyeso wake.

Mainjini a maboti ali a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ulibe mosungira oyilo. Oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo, kawirikawiri gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo. Mtundu wachiwiri uli ndi mosungira oyilo ngati galimoto, ndipo ndi umene tikuunena lero.

Ntchito yake imayenda motere. Poyamba mwini boti alize injini kwa mphindi zochepa, kumunsi kwake kuli m'madzi, pakuti injini ya boti ikalira pouma imapsa. Oyilo wofunda amatuluka msanga pamodzi ndi litsiro lake. Kenaka azimitse injini, akokere boti pa mtunda, ndipo aimike injini chilili. Atchere chitini, amasule bawuti yotulutsira oyilo ndi sipanala yoyenera, adikire kufikira oyilo atasiya kudontha. Ayang'ane bwino oyiloyo. Akakhala wakuda palibe chodetsa nkhawa, koma akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa, ndipo injini ionedwe ndi makaniko isanapitenso pa madzi.

Akatero abwezere bawuti pamodzi ndi washa watsopano, osamanga mopitirira, poopa kuononga mazinga ake. Ngati buku likulamula kusinthanso sefa, apake oyilo pang'ono pa mphira wa sefa yatsopano asanaimange. Tsopano athire oyilo watsopano, ayese ndi kachitsulo koyesera. Oyilo afike pakati pa zizindikiro ziwiri za kachitsuloko, chifukwa wochuluka amachita thovu, wochepa amasiya zitsulo zouma. Pomaliza abwezere boti m'madzi, alize injini pang'ono, aone ngati pali podontha, ndipo alembe tsikulo m'kabuku. Wochita ntchitoyi koyamba aitane wina woidziwa kuti akhale pambali pake. Akulu anati safunsa anadya phula.

Oyilo wakale asatayidwe mu mtsinje kapena pafupi ndi chitsime, pakuti amapha nsomba ndi kuononga madzi akumwa. Asapakidwenso pa zilonda za ziweto kapena za anthu, chifukwa muli poizoni. Asungidwe m'chigubu chotseka, kutali ndi ana ndi moto. Bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndilo limayang'anira katayidwe ka zinthu zotere m'Zambia.

Mwina mukuti kwanu ku Kaumbwe kulibe maboti. Komatu injini ya chigayo, ya njinga yamoto ndi ya pampu yothirira m'dimba nazonso zimafuna chisamaliro chomwechi.

Aphunzitsi, apatseni ana masamu awa. Boti likamayenda maola 4 pa tsiku, oyilo woyamba adzasinthidwa patapita masiku angati? Nanga m'malita 25 a petulo muthiridwe oyilo wochuluka bwanji pa muyeso wa gawo limodzi pa magawo 50? Mayankho ndi masiku 5, ndi theka la lita. Mukapeza mpata, pitani nawo ku chigayo chapafupi, mukapemphe mwini wake awaonetse kachitsulo koyesera oyilo, injini ili chizimire.

Tsalani bwino, aphunzitsi ndi ana nonse.