"Marching Orders": Cining'a ca Cingerezi Cimene Cisokeretsa Ambiri

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a sukulu za kumidzi atasonkhana ku Woodlands, mu Lusaka



Nkhani ya lero iri pa mau awiri okha a Cingerezi, ndiwo "marching orders". Mau amenewa amveka kawiri-kawiri pa wailesi ndi m'manyuzipepala, ndipo aphunzitsi ambiri awatola nawayesa njira yokoma yonenera kuti munthu walandira malangizo kwa mkuru wace. Tanthauzo limenelo liripo ndithu, koma liripo linanso. Ndipo mphunzitsi wosalidziwa akhoza kudzibvutitsa yekha, ndi kusokeretsa ana a m'kalasi mwace.

Ciyambi ca mauwa ciri kwa asilikari. Zaka zoposa 200 zapitazo asilikari a ku England anali kuwachula kale ponena za lamulo lakuti gulu lipasule misasa, limange katundu, linyamuke ulendo. Makolo a anthu ambiri m'dziko muno analandira lamulo lotere. Gulu la Northern Rhodesia Regiment, limene linakhazikitsidwa mu 1933, linamenya nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland mu August 1940, ndipo mu 1944 ndi 1945 linali ku Burma, dziko limene tsopano lichedwa Myanmar. Mseu wa Burma wopyola Kabwata, ndi kampu ya asilikari ya Arakan pafupi ndi State House, ndiwo maina okumbutsa maulendo amenewo, pakuti Arakan ndi cigawo ca kugombe kwa nyanja ku Burma komweko. Tero msilikari polandira "marching orders" anamva zinthu ziwiri pamodzi: kuti wamkuru walamula cocita, ndiponso kuti pamalo pamene ali acokepo.

Anthu wamba atabwereka mauwa, anazigawa zinthu ziwirizo. Ku America anthu anagwiritsa coyambaco: kumeneko munthu akati walandira "marching orders", kawiri-kawiri atanthauza kuti mkuru wace wamuuza nchito yoti ayambe msanga. Ku Britain anagwiritsa caciwirico: kumeneko mauwa atanthauza kuti munthu wacotsedwa nchito, kapena wapitikitsidwa pamalo. Tsono Cingerezi ca m'sukulu ndi m'maofesi a Zambia cinacokera ku Britain, ndipo owerenga ambiri muno akumva tanthauzo la kupitikitsidwa. Umboni uli pafupi, pa bwalo la Woodlands Stadium, kwao kwa timu ya City of Lusaka. Woimba mluzu akatulutsa wosewera m'bwalo ndi khadi lofiira, mwambo umene unayamba pa mpikisano wa World Cup ku Mexico mu 1970, olemba nkhani za mpira amati wosewerayo "was given his marching orders". Palibe wowerenga amene ayesa kuti mnyamatayo wapatsidwa malangizo a kaseweredwe.

Bvuto lace lingacitike motere. Mphunzitsi wacinyamata wa sukulu ya kumudzi alandira kalata yocokera ku ofesi ya maphunziro yomuuza kuti asamukire ku sukulu yina. Pokondwa, atumiza uthenga pa lamya kwa amalume ace okhala ku Chelstone, nati, "I have received my marching orders and I leave on Monday." Amalumewo, pokhala ozolowera manyuzipepala, agwidwa nkhawa, nayamba kufunsa abale kuti mwanayo walakwa ciani. Dzuwa lisanalowe mbiri yafika kwa apongozi ndi kwa akuru a mpingo, ndipo ngakhale iye adzalongosola pambuyo pace, ena adzatsala okayika. Coipa koposa cigwera mwana amene anaphunzira cining'aci kwa mphunzitsi yemweyo. Atakula alemba kalata yopempha nchito, nanena kuti anacoka pa sitolo ina atalandira "marching orders" kwa manijala, pofuna kunena kuti anatumidwa ku nthambi yina. Wolemba anthu nchito awerenga kuti munthuyo anapitikitsidwa, naika kalatayo pambali, ndipo wopemphayo sadzamva konse cifukwa cace sanaitanidwe.

Palinso nkhani ya ulemu. Ngakhale ku America komwe, mauwa ali ndi kamcere ka nthabwala, ngati kuti wolamulayo ndi sajeni waukali. Mphunzitsi wonena pamaso pa ahedi kapena a Abusa oyang'anira sukulu kuti, "Thank you for my marching orders," amveka ngati wonyogodola, pamene mumtima mwace anafuna kuthokoza. M'Cinyanja munthu asiyanitsa bwino "ndatumidwa", "ndauzidwa", "ndalamulidwa" ndi "ndacotsedwa", ndipo sangasokoneze mau amenewa pamaso pa mfumu. Kusamala komweko kufunika m'Cingerezi. M'kalata ya ku ofesi nkwabwino kulemba mau osabisa kanthu: "I have been instructed to report on Monday," kapena "I have been transferred." Mau otere sakometsa kalata, koma wowerenga aliyense awamva cimodzi-modzi.

Nanga cining'aci cilekedwe kuphunzitsidwa? Iai, pakuti ana adzakomana naco powerenga. Kuyambira mu 1966, pamene lamulo la maphunziro linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira, mayeso ndi makalata a nchito akhala m'cinenero cimeneco, ndipo mwana wa kumudzi acimva kweni-kweni pakamwa pa mphunzitsi wace yekha. Njira yabwino ndiyo kuyambira pa cimene ana adziwa kale. Mphunzitsi alembe pa bolodi "kutsina khutu" ndi "kupsa mtima", nafunse cimene mlendo wophunzira Cinyanja angaganize pomva mauwa. Ana adzaseka, ndipo adzazindikira kuti cining'a sicimasuliridwa liu ndi liu. Pamenepo alembe "marching orders" m'ziganizo zathunthu zitatu: ca msilikari, ca wosewera mpira, ndi ca wanchito, ana anene okha amene wanyamuka ulendo ndi amene wapitikitsidwa. Awaonetsenso kuti liu lakuti "orders" likhala locurukitsa nthawi zonse, ndi kuti mauwa ayenda ndi "get", "receive" kapena "give", pamodzi ndi "his", "her" kapena "their". Potsiriza awapatse lamulo lalifupi: cining'aci acizindikire powerenga, koma asacilembe ponena za iwo okha.

Mphunzitsi naye asacite manyazi kutsegula dikishonale asanaime pamaso pa kalasi. Madikishonale abwino aonetsa pambali pa cining'a ngati ciri ca ku Britain kapena ca ku America, ndiponso ngati ciri coyenera m'macezo okha. Pamene buku palibe, afunse mnzace wa sukulu yoyandikana, kapena alembere kalata ku nyuzi ino kuti onse apindule ndi yankho. Akuru anati safunsa anadya phula. Ndipo mphunzitsi akadya phula, adyetsako ana onse a m'kalasi mwace caka ndi caka.