Swaumu ndi Kusala Kofuna Kuchepetsa Thupi

Chidule cha khutuba ya Lachisanu, Limbe

Kuyamikidwa konse nkwa Allah (S.W.T.), Mwini kudyetsa zolengedwa Zake za m'madzi ndi za pamtunda. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W.), akubanja kwake, maswahaba ake ndi onse owatsatira kufikira tsiku lachiweruzo.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, mumzinda uno wa Blantyre mwafika mtundu wina wa kusala umene sudachokere mumzikiti. M'maofesi a mu Victoria Avenue, m'masitolo a ku Limbe ndi m'makomo a ku Namiwawa, Kanjedza ndi Chilomoni muli anthu amene akumakana chakudya cham'mawa, ena mpaka nkhomaliro yomwe, osati kaamba koti m'nyumba mulibe ufa, koma pofuna kuti mimba iphwe. Mchitidwewu akuutcha intermittent fasting, ndipo ukufala kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Popeza ena mwa iwo ndi Asilamu anzathu, ndiponso mawu oti kusala ndi mawu athu, nkoyenera kuti tiunike nkhaniyi pa tsiku lino la Ijuma.

Njira zake zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba, munthu amakhala maola 16 osadya, nkumadya m'maola 8 otsalawo, mwachitsanzo kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku. Yachiwiri, amadya monga mwa nthawi zonse masiku 5 pa sabata, koma masiku 2 amadya pang'ono zedi, makalori 500 kwa mayi ndi 600 kwa bambo. Kalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi, ndipo munthu wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 kapena 2,500 pa tsiku. Njira yachiwiriyi idatchuka m'chaka cha 2012 pamene Dr Michael Mosley wa ku Britain adaionetsa pa wailesi ya kanema ya BBC.

Achinyamata athu akamva za masiku awiri pa sabata amasangalala, amati azungu atulukira Sunnah ya Lolemba ndi Lachinayi. Tisafulumire. Swaumu ya Lolemba ndi Lachinayi sidadikire madokotala a ku London kuti aivomereze, ndipo tsiku limene madokotalawo adzasinthe maganizo ife tidzapitirirabe kusala. Komanso ziwirizi nzosiyana. Wofuna kuchepetsa thupi amamwa madzi ndi tiyi wopanda shuga tsiku lonse, ndipo maola ake amadzisankhira yekha. Wa swaumu amasiya chakudya, chakumwa ndi za m'banja kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa, amatchinjiriza lilime lake ku bodza ndi miseche, ndipo cholinga chake, monga tikuphunzirira mu Surat Al-Baqarah, ndi taqwa, kumuopa Allah.

Tisawaseke komabe amene akulimbana ndi matupi awo, chifukwa vutoli ndi lenileni. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno anali onenepa kupyola muyezo, ndipo m'matauni anali 36 pa 100 aliwonse. Kafukufuku wina wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa 2009 adaonetsa kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri a iwo asakudziwa nkomwe, ndipo pafupifupi 6 pa 100 aliwonse anali ndi matenda a shuga. Amene mudapitako ku kiliniki ya shuga pa chipatala cha Gulupu mukudziwa kutalika kwa mzere wa kumeneko. Ndani mwa ife sadaswalireko jeneza la munthu amene dzulo lake anali bwinobwino pa malonda ake, usiku nkugwa, kufa ziwalo? Imfa ili m'manja mwa Allah, inde, koma thupi ndi amana, chinthu chimene tidasungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa za m'mene tidachisungira.

Achipatala ali ndi muyezo wosavuta wotchedwa BMI. Amatenga kulemera kwa munthu m'makilogalamu nkugawa ndi msinkhu wake m'mamita, kenako nkugawanso ndi msinkhu womwewo. Yankho likafika 25 munthuyo wapyola muyezo, likafika 30 ndiye kuti kunenepako kwasanduka chiopsezo. Bambo wamtali mamita 1.65 amene akulemera makilogalamu 85 ali pa 31, ngakhale anzake pa msika wa Limbe akumutama kuti zikumuyendera.

Apa mpamene pagona vuto lathu Amalawi. Tidazolowera kuona mimba ngati chizindikiro cha ndalama, ndipo mkazi akanenepa timati mwamuna wake akumusamala. Zaka zowawa za m'ma 1990, mankhwala a ARV asadayambe kuperekedwa ulere mu 2004, zidatisiyira chilonda china: munthu akangoonda, maso a anthu amayamba kulankhula. Alipo amayi amene adokotala adawalangiza kuti achepetse thupi, koma akuopa kutero poganizira zimene azinena anzawo pa mpopi kapena pa zikiri. Surat Al-Hujurat ikutiletsa kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi kujedana. Ngati lilime lathu likumuchititsa mlongo wathu kusunga matenda poopa manong'onong'o, tidziwe kuti tili ndi gawo pa kuvutika kwake.

Tsono kodi kusala kwa maolaku kumathandiza? Mu 2022 madokotala a mumzinda wa Guangzhou ku China adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu onenepa 139 amene adawatsatira kwa miyezi 12. Onse adawachepetsera chakudya mofanana, koma theka la iwo adawalamula kuti azidya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo basi. Potha chaka, a maolawo adatsika ndi makilogalamu 8, enawo ndi makilogalamu 6.3, ndipo ofufuzawo adati kusiyana kumeneku nkochepa moti sikungatsimikize kuti maolawo ndiwo adathandiza. Chimene chidatsitsa sikelo ndi kuchuluka kwa zimene zidalowa m'mimba. Maola amangothandiza munthu amene amavutika kudziletsa kuti akhale ndi malire.

Ife Asilamu sitikufunika kupita ku China kuti tidziwe zimenezi. Chaka chilichonse timasala mwezi wathunthu, kuno ku Blantyre maola 13 kapena 14 pa tsiku, osalawa ngakhale dontho la madzi. Zikadakhala kuti maola paokha amachepetsa thupi, bwenzi pa Eid tonse tikusoketsa mikanjo yaing'ono. Koma ofufuza ataphatikiza zotsatira za m'maiko ambiri adapeza kuti anthu amatsika pafupifupi kilogalamu imodzi yokha m'Ramadhani, ndipo imabwerera pakangotha masabata ochepa. Chifukwa chake tikuchidziwa, chili pa mphasa ya futari. Adhana ya Maghrib ikangomveka timayamba bwino ndi tende ndi madzi, monga mwa Sunnah. Kenako pamabwera samusa, mandasi, zitumbuwa, chipisi cha pa chiwaya, Sobo wothira mosaumira ndi tiyi wamkaka wa masipuni anayi a shuga. Zonsezi timati nzotsegulira kukhosi chabe. Pambuyo pake mpamene pamafika mpunga wa mafuta ndi nyama, mwinanso mitanda itatu ya nsima yoyera. Ikamakwana Isha munthu akulephera kuwerama pa rukuu, ndipo Taraweh akuiswali akuodzera. Pa daku amabwerezanso zotsala zija. Zimene adasiya masana wazibweza zonse usiku, nkuonjezeranso.

Tiyeni tiwerengere pang'ono. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, pakuti galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9 pamene ya ufa kapena shuga imapereka 4. Bungwe la WHO mu 2015 lidalangiza kuti shuga wothira asapyole magalamu pafupifupi 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masipuni aang'ono 12, ndipo lidati nkwabwino koposa kukhala pa masipuni 6. Botolo limodzi la chakumwa chozizilitsa kukhosi lili ndi masipuni pafupifupi 8. Wogulitsa m'sitolo amene amamwa mabotolo awiri ndi makapu atatu a tiyi pa tsiku wapyola kale muyezo asadakhudze nsima.

Chipembedzo chathu chidatipatsa muyezo kalekale. Surat Al-A'raf ikutilola kudya ndi kumwa koma ikutiletsa kupyola malire. M'hadith imene adaisunga Imam Tirmidhi, Mtumiki (S.A.W.) adaphunzitsa kuti mimba igawidwe patatu: gawo la chakudya, gawo la chakumwa ndi gawo la mpweya. Taonani, lamulo limeneli silikunena za ola, likunena za mlingo, ndipo likugwira ntchito m'Ramadhani ndi kunja kwa Ramadhani, pa ukwati, pa sadaka ndi pa hakika pomwe, pamene ambiri timadya ngati mawa kulibe.

Nanga Msilamu angasale Lolemba ndi Lachinayi, kapena pa 13, 14 ndi 15 pa mwezi wa Chisilamu, uku akufunanso kuti thupi lichepe? Ntchito iliyonse imayezedwa ndi niya yake. Amene wasiya chakudya ndi cholinga cha sikelo chokha wachita chinthu chololedwa, koma asayembekezere malipiro a swaumu. Amene wasala chifukwa cha Allah, nkudziwa kuti thanzi litsatira, maulama ambiri akuti swaumu yake ili bwino. Aliyense adzifunse mumtima: sikelo ikadzakana kutsika, kodi Lachinayi likudzali ndidzasalabe? Tikumbukirenso kuti nkoletsedwa kusala pa masiku awiri a Eid, ndipo sitilipatula Lachisanu palokha pa swaumu ya Sunnah.

Mbali inayo alipo opyola muyezo podzimana. Tamva za atsikana amene akumakhala masiku awiri kapena atatu akungomwa madzi a mandimu kuti akwane m'chovala cha ukwati. Mtumiki (S.A.W.) adawaletsa maswahaba kulumikiza swaumu usana ndi usiku osafuturu. Swahaba Abdullah ibn Amr ibn Al-As (R.A.) atafuna kumasala tsiku ndi tsiku, Mtumiki adamubweza, nkumukumbutsa kuti thupi lake, maso ake ndi mkazi wake ali ndi ufulu pa iye. Malire amene adamulola ndi swaumu ya Mneneri Dawud (A.S.), kusala lero, mawa nkudya, ndipo Abdullah atakalamba adalakalaka akadalandira zopepuka zija. Ngati ibada yeniyeniyo ili ndi malire, kuli bwanji kudzizunza chifukwa cha maonekedwe? Achipatala akuti kutsika koyenera ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Ndipo chenjerani ndi matiyi ndi mapiritsi ochepetsa mimba amene akutsatsidwa pa foni. Ambiri amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa, chimene chimachoka ndi madzi, ndalama nkupita.

Sipafunika kuti munthu abwerere ku thupi la unyamata wake. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene adafalitsidwa mu 2002 adatenga anthu amene shuga wawo adali atayamba kukwera, nkuwalimbikitsa kuchotsa magawo 7 pa 100 a kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo chawo chodwala shuga chidatsika ndi magawo 58 pa 100. Kwa bambo uja wa makilogalamu 85, amenewo ndi makilogalamu 6 okha. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Koma lero timakwera kabaza kuchoka pa depoti ya Limbe kupita ku mzikiti umene tikuuona ndi maso. Mtumiki (S.A.W.) adachitapo mpikisano wothamanga ndi mayi athu Aisha (R.A.) kawiri: koyamba adapambana ndi Aisha, kachiwiri, thupi lake litakula, adapambana ndi Mtumiki, ndipo adangoseka naye osamunyoza.

Inu abale a ku Mangochi, Makanjira, Salima ndi Nkhotakota amene muwerenge mawuwa, musaganize kuti chakudya cha m'tauni ndicho chapamwamba. Usipa, utaka, chambo chowotcha, nsima ya mgaiwa, nyemba, chisoso ndi nkhwani wotendera ndi zimene anthu a ndalama kuno akuuzidwa ndi madokotala kuti abwerereko. Ana anu amene ankapalasa bwato ndi kukoka makoka akabwera kuno amakhala pa mpando m'sitolo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma mtanda wa nsima ndi womwe uja wa msodzi. Muziwakumbutsa akabwera kudzacheza. Tikudziwanso kuti ambiri mwa inu nkhawa yanu ndi yosiyana. Kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016 adapezanso kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi kaamba ka chilala. Khutuba ino siikunena kuti wosowa achepetse. Ikunena kwa ife okhuta, kuti ndalama ya mafuta ndi zakumwa imene tipulumutse ili ndi eni ake kumudzi.

Pomaliza, alipo amene sayenera kuyesa njirazi popanda kuonana ndi adokotala: amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana amene akukula, okalamba ofooka, odwala impso kapena zilonda za m'mimba, ndi onse amene amamwa mankhwala ofunika chakudya. Makamaka inu odwala shuga amene mumabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, pitani ku kiliniki Ramadhani isadafike kuti akakukonzereni mlingo ndi nthawi ya mankhwala. Kudzibaya pa chala poyeza shuga sikuononga swaumu. Mukayeza nkupeza kuti watsika pansi pa 3.9, kapena 70 pa makina ena, kapena wakwera kupyola 16.6, omwe ndi 300 pa makina enawo, masulani nthawi yomweyo. Chimodzimodzi mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira kapena kusokonezeka mutu, ngakhale kutatsala mphindi khumi kuti adhana imveke. Allah adampatsa wodwala chilolezo chodzabweza masikuwo akachira, ndipo amene matenda ake ndi okhalitsa apereke fidya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse limene sadasale.

Tikumupempha Allah awachize odwala athu ndi kutilandira swaumu zathu. Ameen.